Mtengo wa Kafulu

Ine ndi galimoto ya bambo anga tinali a msinkhu umodzi. Ine ndinabadwira pa chipatala cha mishoni ku Ludzi m'chaka cha 2003, ndipo iyo inatuluka m'fakitale ya Toyota ku Japan chaka chomwecho. Tinakumana tonse tili ndi zaka 11. Tinalekana mu Novembala 2024, pamene bambo anaigulitsa kuti ine ndipeze fizi yobwerera nayo ku Zomba, komanso kuti munda wathu ulaweko feteleza. Anaigula pa K2 miliyoni ndipo anaigulitsa pa K3.2 miliyoni. Munthu wongomva manambala awiriwa akhoza kunena kuti bambo anapha makwacha. Nawonso kwa masiku angapo ankafuna kukhulupirira zomwezo, mpaka usiku umene anatsegula kope lawo lolembamo ndalama.

Inali Toyota Vitz ya mtundu woyamba uja umene unayamba kupangidwa mu 1999. Kanali kagalimoto kakafupi, kobulungira, kodulidwa kumbuyo, kopanda buti yeniyeni koma kachitseko kotsegukira m'mwamba. Injini yake inali ya lita imodzi basi. Ku Ulaya ankakagulitsa pa dzina lakuti Yaris, ndipo kumeneko kanasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka cha 2000. Ana a m'mudzi mwathu analibe nazo ntchito zimenezo. Iwo atangokaona kakubwera pang'onopang'ono m'kanjira ka kwathu, kakuzemba zitsa ndi maenje, anakatcha Kafulu, ndipo dzinalo linakakanirira mpaka tsiku limene kanachoka.

Bambo anali mphunzitsi wa pulayimale amenenso ankalima mtedza ndi soya, monga achitira anthu ambiri ku Mchinji. Anasunga ndalama za zokolola kwa zaka zinayi, n'kuwonjezerapo ngongole. Nkhani ya chogula ndi ndalamazo inatha miyezi ikukambidwa m'nyumba mwathu, nthawi zina monong'ona, nthawi zina mpaka ife ana kudzidzimuka kutulo. Amayi ankafuna ng'ombe ndi ngolo. Ndikukumbukira bwino funso lawo chifukwa analifunsa kambirimbiri: "Bambo, ng'ombe imabereka. Nanga galimoto imabereka chiyani?" Bambo ankangoti, "Mayi, mudzaona nokha." Chaka chomwecho amalume, mchimwene wawo wa amayi, anagula ng'ombe ziwiri zazikazi. Nkhani ya ng'ombezi ndibwereranso nayo.

Galimotoyo bambo anaiona pa kompyuta ku boma, pa tsamba la kampani ina ya ku Japan yogulitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito. Masiku amenewo malonda otere anali atafika pachimake, moti dzina la kampani imodzi, BE FORWARD, linafika mpaka pa malaya a timu ya Wanderers. Inakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam. Kuchokera kumeneko dalaivala wolembedwa ganyu anaiyendetsa ili ndi nambala yongodutsira ija ya IT, kudzera ku Mbeya, n'kulowa m'dziko muno pa Songwe. A MRA anawerengera msonkho poyang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, ndipo poti inali itapitirira zaka zisanu ndi zitatu, msonkhowo unali wokwererapo. Pophatikiza zonse, mtengo wa ku Japan, sitima, dalaivala, msonkho, inshuwaransi ndi nambala ya MC, ndiye K2 miliyoni ija. Umu munali mu Julayi 2014.

Ndili mwana ndinkadabwa kuti munthu angataye bwanji galimoto yonyezimira choncho, ya mipando yosang'ambika, yoyenda makilomita 74,000 okha. Yankho ndinalipeza nditakula. Ku Japan kuli lamulo loti galimoto yatsopano ikayesedwe ikatha zaka zitatu, kenaka pakatha zaka ziwiri zilizonse. Iwo amati shaken. Kuyesako kumadya ndalama zambiri, ndipo galimoto ya petulo ikapitirira zaka 13 msonkho wake wa pachaka umakweranso. Tsono werengani: zitatu, zisanu, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zinayi, khumi ndi chimodzi. Kafulu kanagulitsidwa pa chaka chenicheni choti kakayesedwe kachisanu. Kwa mwini wake woyamba, mtengo wake unali utatha kale. Kwa ife ndi pamene unkayamba. Galimoto imodzi yomweyo inali nkhalamba padoko la ku Japan, n'kufika ili namwali pa Ludzi.

Madzulo amene kanafika, mudzi wonse unasonkhana. Bambo atapotokola kiyi, m'galimotomo munamveka mawu a mkazi akuyankhula chinenero chachilendo. Agogo aakazi anabwerera m'mbuyo n'kufunsa kuti munabisala ndani. Kanali kachipangizo kolipirira misewu ya ku Japan, kakudandaula kuti mulibe khadi, ndipo kanapitiriza kudandaula m'mawa uliwonse kwa zaka khumi. Ife tinkangoti "mayi a ku Japan apereka moni." Ndikaganiza bwino, mawu amenewo ndi amene anandipatsa koyamba chidwi cha zinenero, pakuti ndinkawabwereza mpaka kuwaloweza osamva tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe. Wailesi yake nayo inali ndi khalidwe la kwawo. Inkalekezera pa 90, malinga ndi momwe nyumba za wailesi zinkaulutsira ku Japan nthawi imeneyo, kotero kuti mawailesi ambiri a kuno sinkawagwira.

Galimoto ya m'mudzi si ya munthu mmodzi. Izi bambo anaziphunzira sabata yoyamba. Pakati pa usiku munthu ankagogoda pazenera: "Aphunzitsi, pepani, mayi a kunyumba matenda ayamba." Kafulu kanathamangitsa amayi oyembekezera ku chipatala cha mishoni, kanatengera odwala ku chipatala cha boma ku Mchinji, kanaperekeza maliro, kanakongoletsedwa ndi maluwa a pepala pa maukwati osawerengeka. Nthawi yokolola tinkagwetsa mpando wakumbuyo n'kulongamo matumba a mtedza mpaka matayala kukhudza chitsulo. Anthu ambiri ankathokoza ndi nkhuku kapena lichero la ufa. Othira petulo anali ochepa.

Anthu amene anapanga Vitz ankaganiza za mayi wa mumzinda wopita kukagula ndiwo pa msewu wa tara. Sankaganiza za njira ya kwathu m'mwezi wa Febuluwale. Kagalimotoka n'kofupika kwambiri pansi, moti kamimba kake kankakhula nthumbira iliyonse. Choyamba kufa anali ma CV joint, amene ankalira kuti kha-kha-kha pokhota. Kenaka mabampala anayamba kumangidwa ndi waya. Chitseko cha kumanzere chinaleka kutseguka kuchokera kunja. Dzuwa linasuwitsa penti padenga, fumbi linalowa paliponse, ndipo dzimbiri linayamba kudya pansi pa zitseko. Injini yokha ndiyo sinatikhumudwitse. Bambo ankasintha oilo pa nthawi yake ngati pemphero, ndipo tsiku lililonse lokonzetsa ankalilemba m'kope. Pofika 2024 galimotoyo inali itayenda makilomita 201,000.

Pa zaka zonsezi bambo ankakhulupirira kuti ali ndi chuma pakhomo, ndipo anali ndi chifukwa. Mu Meyi 2022 boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 linaitsitsanso ndi 44 peresenti. Magalimoto amagulidwa ndi madola, choncho nthawi iliyonse kwacha ikagwa mitengo yake m'misika ya ku Lilongwe inkalumpha. Bambo akamva kuti wina wagula kagalimoto kongofika kumene pa mamiliyoni ochuluka, ankabwera kunyumba nkhope ili ngwee. "Mayi, mwamva? Kuno kwathu galimoto siitsika mtengo. Zotsika mtengo n'za kwa azungu." Atapuma pantchito mu 2023, ankati Kafulu ndiye banki yawo.

Tsiku lotapa ku bankiko linafika. Ndalama za penshoni zinali zitathera pa malata ndi ngongole, mvula ya chaka chimenecho inali itatipusitsa, ine ndinkafunika fizi ndi ya nyumba, ndipo nthawi yobzala inali pakhomo. Bambo analemba pa katoni kuti "Ikugulitsidwa", n'kuika pagalasi lakumbuyo. Mtengo anati K5 miliyoni. Ine ndinali pa tchuthi chachifupi, choncho ndinaona ndi maso anga onse amene anabwera.

Woyamba anali mnyamata wochita malonda a matola pakati pa Kamwendo ndi boma. Anazungulira kamodzi, n'kugogoda tayala ndi nsapato. "Madala, kabwino ndithu, koma ine ndikufuna ya bizinesi. Sienta imanyamula anthu seveni mwalamulo. Akaka folo basi, katundu ndiika pati?" Wachiwiri anali namwino. Iye ankafuna yosamwa mafuta, pakuti inali nyengo imene anthu ankagona pa mizere ya petulo, lita ili pa K2,530. Bambo anamuuza monyadira kuti injini ndi ya lita imodzi. Iye anayankha mwaulemu kuti Daihatsu Mira ili ndi injini ya 660cc, ndipo imapezeka ya zaka zochepa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti Kafulu sikanangokalamba ayi, kanalinso katasowa malo. Wofuna kunyamula anthu anali ndi Sienta, wofuna kusunga mafuta anali ndi Mira, ndipo wofuna kungofika msanga pamsika anali ndi njinga zamoto za kabaza zimene zadzaza paliponse. Ngakhale dzina lenilenilo linali litafa, poti a Toyota analeka kutchula kuti Vitz mu 2020.

Panabweranso bambo wina wa ku Chipata amene anali kwa abale ake. Anakakonda ndithu, koma atawerengera msonkho umene akanalipira pokalowetsa ku Zambia pa Mwami, anangoseka n'kutsanzika.

Monga wophunzira za chinenero, chimene chinandigwira mtima kwambiri chinali kayankhulidwe ka ogulawo. Bambo nthawi zonse ankati "galimoto yanga". Ife a m'nyumba tinkati "kagalimoto kathu", ndipo ka- wathuyo anali wachikondi, yemwe uja timaika pa kamwana. Ogula ankagwiritsa ntchito ka- yemweyo koma mopeputsa: "kagalimoto kameneka", "akaka". M'kalasi timaphunzira kuti ka- ndi mphatikiram'mbuyo wochepetsa, koma buku silikuuza kuti kuchepetsako kungakhale kusisita kapena kunyoza, malinga ndi amene akutulutsa ndalama. Munthu wina wa ku Lilongwe, mmodzi wa anyamata okhala pakati pa wogula ndi wogulitsa, anafika pa chi-. Atasuzumira pansi anadzuka akupukuta m'manja n'kunena kuti, "Achikulire, chigalimoto ichi n'cha masipeya. Ku Biwi angakupatseni ya injini ndi giyabokisi, zinazi n'sikirapu." Ndinaona bambo akumeza malovu. Mtengo unali utatsika kale m'kamwa mwa munthuyo asanatchule nambala iliyonse.

Yemweyo anayang'ananso nambala ya MC n'kupukusa mutu. Anati galimoto ya nambala ya kuboma la kumalire anthu amaiopa, amadziwa kuti yadya fumbi. Bambo analowa m'nyumba n'kutulutsa kope lawo kuti amuonetse masiku onse amene anasintha oilo. Munthuyo sanalitsegule n'komwe. "Aliyense amatero, achikulire. Aliyense amati yake ndi yosamalika."

Nditabwerera ku Chirunga ndinafotokozera mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene amaphunzira za chuma. Iye anati zimenezi zili ndi mwini wake. Mu 1970 katswiri wina wa ku America, George Akerlof, analemba za msika wa magalimoto akale, ndipo pambuyo pake, mu 2001, analandira mphotho ya Nobel. Mfundo yake ndi yakuti wogulitsa amadziwa matenda onse a galimoto yake pamene wogula sadziwa. Poopa kugula yowola, wogula amapereka mtengo wapakati kwa aliyense, kotero kuti amene anasamala yake amalangidwa pamodzi ndi amene anaizunza. Ndinamvetsa, komabe zinandiwawa. Zaka khumi za oilo wa pa nthawi yake sizinawonjezere ngakhale tambala, chifukwa chilungamo cha bambo sichinkaoneka pa bampala.

Koma ndathamangira kutsogolo. Patatha milungu itatu katoni ija ili pagalasi, mtengo wabwino koposa unali K3.2 miliyoni, wochokera kwa mnyamata wa matola uja, amene anabweranso atalephera kukwanitsa Sienta. Bambo anadzitonthoza. Pa chakudya chamadzulo anati, "Komabe tapindula. Tayenda nayo zaka khumi, ndipo ikutibwezera ndalama zathu ndi K1.2 miliyoni pamwamba." Amayi sanayankhe. Anangowauza kuti akafunsa pa sitolo, ndipo thumba la feteleza linali pafupifupi K100,000.

Usiku umenewo bambo anandiitana. "Iwe wa ku yunivesite, tabwera ndi foni yakoyo tiwerengere." Anatsegula masamba a 2014. Pamenepo, m'zilembo zawo zoongoka za uphunzitsi, panalembedwa kuti chaka chimenecho anagula feteleza pa K16,000 thumba. Ndinagawa. K2 miliyoni ya 2014 inali matumba 125. K3.2 miliyoni ya 2024 inali matumba 32. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Kenaka anati tiyese madola. Pamene ankagula, dola imodzi inali pafupifupi K400, ndiye kuti analipira madola 5,000. Pa mtengo wa kubanki wa 2024, wa pafupifupi K1,750, ndalama za mnyamata uja sizinkafika madola 1,900, ndipo aliyense ankadziwa kuti pa msika wamseri dola inali yodula kuposa pamenepo. Mwa magawo anayi a mtengo wa Kafulu, atatu anali atapita. Nambala yokha ndiyo inkakwera, chifukwa ndalama yoyezera inkagwa mofulumira kuposa galimotoyo. Zinali ngati munthu amene akumira m'thope akudziyeza ndi mtengo umene ukumira msanga kuposa iye, n'kumati akutalika.

Bambo anavula magalasi n'kukhala chete nthawi yaitali. Sindinawaonepo ataoneka okalamba ngati usiku umenewo. Ndinadzimva wolakwa, ngati kuti ndine ndinaba matumba 93 aja ndi foni yanga, ndipo mwa njira ina zinali zoona, pakuti otsalawo ambiri ankapita kwa ine.

Amayi, amene tinkayesa kuti agona, anayankhula ali kuchipinda. Anati khola la amalume tsopano lili ndi ng'ombe zisanu ndi zinayi, osawerengera ziwiri zimene anagulitsa pomangitsa nyumba. Sananene mokalipa. Linali funso lawo lija la 2014, litangobwera kudzatenga yankho. Bambo anatembenukira kukhomo la chipindacho. "Mayi, usiku uja mwanayu anakomoka ndi malungo, mvula ikugwa, mukanamukweza pa ng'ombe?" Kuchipinda kunali zii. Ine za usiku umenewo ndimangomva, ndinali ndi zaka 13 ndipo ndinatsitsimukira pa bedi la chipatala. Amati adokotala ananena kuti tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina.

Mpaka lero sinditha kugamula mlandu wa awiriwa, ndipo ndaleka kuyesa. Pa masamu amayi anapambana, ndipo anapambana kutali. Ndikanakhala mlangizi wa zachuma ndikanauza mphunzitsi aliyense wa kumudzi kuti kagalimoto ka zaka 11 si banki, n'chinthu chimene chimadyeka tsiku ndi tsiku ngati sopo, ndipo kukwera kwa mtengo wake m'makwacha ndi chizindikiro cha matenda a kwacha basi. Koma munthu amene akanapereka malangizowo ndi yemwe uja anagonekedwa pa mpando wakumbuyo usiku wa mvula. M'kope la bambo mulibe tsamba la zimenezo. Muli petulo wa usikuwo yekha, malita asanu.

M'chaka choyamba aphunzitsi athu a za kamvekedwe ka mawu anatipatsa chitsanzo chodziwika cha mawu awiri olembedwa mofanana koma osiyana pokweza ndi kutsitsa liwu. Mtengo wa m'tchire umakweza liwu pa te, pamene mtengo wa pamsika umangoyenda chapansi. Tinaseka, tinalemba, tinakhoza mayeso. Chitsanzochi chinandibwerera m'mawa wa tsiku logulitsa, chifukwa Kafulu kankagona pansi pa mtengo wa mango umene bambo anabzala chaka chimene kanafika, kuti kazipeza mthunzi. Mangowo anali atayamba kale kubereka.

Mnyamatayo anabwera ndi ndalama m'chikwama cha pamsana. Anawerengera pa mphasa, mipukutu ya ma K5,000, amalume ali mboni. Bambo anapereka makiyi ndi buluu buku, kenaka anayamba kumulangiza ngati akupereka mwana ku ukwati: oilo azisintha pa makilomita akutiakuti, chitseko cha kumanzere azitsegulira m'kati, asamathamange pa mabampu. Mnyamatayo ankangoti "Chabwino madala, chabwino madala," maso ali kumsewu. Anafunanso kumupatsa kope lija koma iye anati alibe nalo ntchito. Atapotokola kiyi, mayi a ku Japan anapereka moni wawo, ndipo amayi anga, amene sanakakondepo kagalimotoka, analowa m'khitchini mofulumira.

Ndalamazo zinagawidwa tsiku lomwelo. Matumba asanu ndi atatu a feteleza, ngongole ya pa sitolo, ndipo zotsala zonse zinalowa mu akaunti yanga. Bambo anatsitsa njinga yawo yakapalasa imene inakhala pa mtanda zaka khumi, n'kukaigulira matayala.

Pa tchuthi cha Isitala chaka chotsatira ndinatsika minibasi pa Kamwendo, ndipo ndinakaona. Kanali kataima pa siteji, kachitseko kakumbuyo kali pululu, katamangidwa ndi chingwe pamwamba pa matumba a chimanga. Bampala yakutsogolo inali itachoka. M'katimo munali anthu asanu ndi mmodzi, ndipo woitanira ankafuna wina mmodzi. Ndinakwera. Ndinakhala mopanikizana pa mpando wakumbuyo womwe uja, ndinalipira ngati wina aliyense, ndipo sindinauze munthu kanthu. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera bambo. Anali pansi pa mango, akupopa njinga. Sanadzutse mutu. Anangofunsa ngati chitseko cha kumanzere anachikonza, ndipo ndinawauza kuti ayi, akutsegulirabe m'kati.